Phazi la Khwangwala pa Mkono wa Brunon

Choyamba kusowa chinali singano ya mtengo yosokera ukonde. Otylia Rotta anazindikira m'mawa atalowa m'kanyumba ka zida kukatenga nkhuni zowambira mikunga. Pakhoma panatsala msomali wokha, ndipo pansi pa msomaliwo panali ponyowa, chonsecho mvula inali isanagwe kwa nthawi. Anawerama, nakhudza ndi chala, nalawa. Mchere. Loko anali atamupeza chitsekere, kiyi ali m'thumba la epuloni momwe amakhala masiku onse.

Mkazi wina akanakuwa n'kudzutsa mudzi. Koma ife akazi a ku Kuźnica sitikuwa wamba, ndipo Otylia ndiye anali kutali nazo. Tinabadwira pakati penipeni pa Mchira wa Ng'ombe, kamtunda kakatali kolowa m'nyanja, pamene mtunda ndi wopyapyala mwakuti ukaima pa njanji umaona Nyanja Yaikulu uku, Nyanja Yaing'ono uku, zonse zikukunong'oneza nthawi imodzi. Munthu wokulira pamenepo sachita mantha ndi madzi a pansi.

Singanoyo inali ya mwamuna wake, Klemens. Nkhondo ili pafupi kutha, asilikali a Chijeremani atadzazana m'nkhalango ya paini ngati nyerere, ankagwira asodzi kuti aziwaolotsa kupita ku sitima zawo zomwe zinaima kutali. Asilikaliwo anamutenga Klemens usiku, Otylia ali ndi pakati. Potuluka anangoti, "Usaike mpiringidzo, ndibwera kusanache." Zaka zinapita pafupifupi makumi atatu, chitseko cha Otylia osaona mpiringidzo. Wansembe atabwera kudzanena za Misa ya maliro, anamufunsa kuti, "Abambo, mtembo mwauona?" Wansembeyo anamwa khofi wake n'kumapita.

Kwathu banja lililonse la asodzi lili ndi chizindikiro chake, chomwe amachisema pa nkhafi, pa mkondo, pa timatabwa toyandamitsa ukonde, pa chilichonse chopita kunyanja. Chinthu chikakokoloka n'kukatsakamira kutali, wochitola amayang'ana chizindikiro n'kuchibweza kwa mwini. Cha Klemens chinali phazi la khwangwala, zala zitatu ndi mwendo. Zida zake zonse Otylia ankazipaka mafuta chaka ndi chaka. Ndipo asodzi akamagawana nsomba pagombe, aliyense ataponya kamtengo ka chizindikiro chake m'chipewa, kamtengo ka Klemens kankalowanso. Ena ankati limenelo ndi gawo la mkazi wamasiye. Pamaso pa Otylia palibe ankayerekeza kutero.

Atatuluka m'kanyumbamo anapeza mlamu wake Alojz, mng'ono wa Klemens, atatsamira mpanda, akugogoda nyanga yake ya fodya wa m'mphuno.

"Alamu, singano ya akulu anu mwaitenga ndinu?"

"Ine? Ndi maso angawa? Mwina mbewa za masiku ano zayamba kusoka maukonde." Anayetsemula, napukuta mphuno. "Afunseni alendo anu. Anthu a m'tauni amatola chilichonse, ngakhale mwala, ati chikumbutso."

Alendowo anali mwana wake mmodzi yekhayo, Brunon, yemwe anabadwa bambo ake atapita kale, ndi mkazi wake Danuta. Anali atafika dzulo lake pa sitima ya pamtunda kuchokera ku mzinda wa Łódź, kumene Brunon ankagwira ntchito pa fakitale ya nsalu. Kunali koyamba kuti Danuta aone nyanja, ndipo ankafuna kuona zonse tsiku limodzi: gombe, maboti, ndi mapanga a konkire omwe asilikali anasiya m'zitunda za mchenga. Atafunsidwa za singano anaseka.

"Amayi, ine ndi singano ya ukonde? Batani lenilenilo limandikanika."

"Zimenezo ndaziona kale pa malaya a mwana wanga," anatero Otylia.

Usiku umenewo mphepo inaleka, ndipo kukaleka mphepo pa Mchira kumakhala chete woti khutu limalira lokha. Otylia anagona chagada akumvetsera nyanja ziwiri zija. Yaing'ono inkangonyambita mchenga. Yaikulu inkapuma mozama ngati ng'ombe yodwala. Pakati pa kupuma kumeneko anamva china, kutali, chobwerezabwereza: kwii, kenaka phwa, kwii, kenaka phwa. Otylia anali wodziwa kupalasa, ndipo pautsikana wake palibe mwamuna wa ku Kuźnica ankamuposa pa nkhafi ya kumanzere, choncho sakanasokoneza. Kunali kulira kwa nkhafi pa chikhomo chake. Koma inali nkhafi imodzi yokha, ngati munthu akupalasa mbali imodzi, bwato likungozungulira.

M'mawa timatabwa tonse ta Klemens toyandamitsa ukonde tinali titapita. Ta Alojz, tomwe tinali pa chingwe chomwecho, tinatsala osakhudzidwa. Usiku wotsatira unapita mkondo wobayira mikunga, kenaka nyundo, kenaka chikho chokapira madzi. Otylia anasintha loko. Anawaza phulusa pakhomo la kanyumbako, ndipo m'mawa phulusalo linali phala, lonunkha ndere za m'nyanja, lopanda phazi la munthu.

Mudzi sunachedwe kumva. Pa sitolo ankati ndi asilikali a kumapeto kwa Mchira, anyamata anjala omwe amagulitsa chilichonse kuti apeze mowa. Ena ankati ndi Alojz, wakhala akusirira zida za mkulu wake kuyambira kale. Mkazi wa woyang'anira siteshoni analumbira kuti anaona kuwala kobiriwira pafupi ndi phanga la konkire la kumpoto, koma mkazi ameneyo anaonaponso Mngelo Gabrieli m'thumba la mbatatesi, ndiye anthu anangogwedeza mitu.

Brunon ndiye sanali bwino. Anafika ali wonenepa, woseka mokweza, wodya nsomba zowamba ngati akulipsira zaka zonse anakhala kutali. Tsopano ankasiya chakudya m'mbale, ankanjenjemera pafupi ndi mbaula, ndipo ankadzuka tsitsi lili chinyowere. Danuta anati ndi chimfine, namupatsa tiyi wa uchi. Koma Otylia poyanika pilo wa mwana wake anaona mphepete mwake mutauma zoyera. Sanafune kulawa. Analawabe.

Tsiku lina masana kukutentha pang'ono, Brunon anakhala pakhonde atapinda malaya mpaka m'zigongono. Alojz anabwera ndi mulu wa nsomba wa gawo la Klemens, ndipo atangoika dengu pansi anauma ngati chikhomo. Pa mkono wamanja wa Brunon, m'munsi mwa chigongono, panali phazi la khwangwala, lodindidwa pakhungu ndi inki yobiriwira.

"Iwe mwana, ichi n'chiyani?"

"Chizindikiro cha adadi, atate aang'ono. Ndinadinditsa ku Łódź chaka chatha. Anzanga amadinda mitima ndi maina a akazi, ine ndinati ndidinde cha kwathu. Sichokongola?"

"Kamzere kali kuti?"

"Kamzere kanji?"

Alojz anatembenukira kwa Otylia, ndipo nthabwala zonse zinali zitachoka pankhope pake. "Mlamu, mwana uyu simunamuuze?"

Otylia akanamuuza liti, mwana woti anachoka ali wamng'ono kupita kusukulu za kumtunda, ndipo iye mwini ankanyadira pa sitolo kuti wake sadzanunkha nsomba? Lamulo lake ndi lakuti bambo akadali moyo, mwana amawonjezera kamzere kake pa chizindikiro, kuti zake zisiyane ndi za bambo. Chizindikiro chathunthu amachitenga pokhapokha bambo ataikidwa m'manda. Klemens sanaikidwe, ngakhale Misa sanamuchitire.

"Wasambapo m'Nyanja Yaikulu?" anafunsa Alojz motsitsa mawu.

"Tsiku lomwe tinafika. Ndinangosamba m'manja ndi kumaso."

"Basi, wachionetsa kwa mwini wake."

Danuta anaomba m'manja. "Koma anthu inu! Munthu akudwala chimfine, inu mukuti chithunzi. Akuba anuwo ali ku mapanga aja, aliyense akunena. Tiyeni tikaone dzuwa likadalipo, mwina ndingaoneko malo amene ndinabwerera."

Anapita atatu, Brunon atagona. Njira ya m'nkhalango inadutsa m'maenje akale a asilikali, omwe tsopano anamera udzu, ndipo mwa apo ndi apo waya waminga wadzimbiri ankatuluka mumchenga ngati mizu. Phangalo linali litamira theka m'chitunda, khomo lake lakuda litayang'ana ku Nyanja Yaikulu. M'kati munkazizira ngati m'chitsime, madzi akudontha penapake pang'onopang'ono. Alojz anayatsa machesi.

Zonse zinali pomwepo. Danuta anayamba kunena kuti, "Mwaona, si ndinanena," koma mawu anamuthera pakamwa, chifukwa wakuba saika katundu motero. Timatabwa tinali titamangidwa kale pa chingwe, motalikirana bwino. Mkondo unagona kumanja, chikho kumbuyo, singano itabayidwa pa mfundo yomaliza. Zinayalidwa pa konkirepo mmene msodzi amayalira m'bwato asanalikankhire m'madzi, ndipo mfundozo Otylia anazidziwa. Klemens yekha ndiye ankapinda chingwe kawiri asanakoke. Pakati panasiyidwa malo awiri okhala. Pa amodzi panali ponyowa. Enawo anali ouma, osesedwa bwino ndi dzanja.

Machesi anazima.

"Bwato la akulu anga silinali la munthu mmodzi," ananong'ona Alojz mumdimamo. "Asonkhanitsa zawo. Chatsala n'chopalasa naye."

"Tizitenge, tibwerere nazo kunyumba," anatero Danuta.

"Mwana wanga, za mwini sitigwira," anayankha Otylia.

Sitima ya madzulo inali itadutsa kale, ndipo ina inali ya m'mawa, choncho Brunon sakanachoka usikuwo. Pofika kunyumba anapeza nkhafi ya Klemens, yomwe Otylia anaibisa pansi pa bedi lake, kulibe. Pansi pa bedipo panali kadziwe.

Nkhungu inabwera dzuwa litangolowa, yochokera ku Nyanja Yaikulu, yokhuthala mwakuti nyali ya pa siteshoni inangokhala ngati dontho la mafuta. Alojz anafuna kugona pakhomo, koma Otylia anamuthamangitsa. "Pitani kwanu, alamu. Mwamuna wanga ndimuyankha ndekha." Anakoleza mbaula, nakhazika Danuta pafupi ndi bedi la wodwala, iye nakhala pampando woyang'ana kukhomo. Anayang'ana mpiringidzo womwe unatsamira pakona zaka zonsezo, wakuda ndi utsi. Anadzuka, nautenga, nauika. Unalowa molira ngati ukudandaula.

Kwa nthawi yaitali kunalibe kanthu koma kupuma kwa Brunon ndi nkhuni zothetheka. Kenaka kunamveka nkhafi ija, kwii, phwa, kwii, phwa, pafupi kuposa kale, mpaka pansi pa bwato panakhula mchenga. Kunakhala chete. Ndiye kunayamba mapazi. Anali a munthu wovala nsapato zazitali za asodzi zodzaza madzi, phazi lililonse likamatsika limafinya, likamakwera limayamwa. Anakwera chitunda osafulumira, anaoloka njanji, miyala ya pa njanji ikulira, nadutsa pa mpanda. Agalu a m'mudzi wonse, omwe amauwa ngakhale mthunzi wa mbalame, anangoti zii.

Brunon anadzuka n'kukhala tsonga. Maso anali otsegula koma sankaona munthu. Anatsitsa miyendo, nayamba kufufuza nsapato ndi mapazi.

"Brunon, ukupita kuti?" ananong'ona Danuta. "Gona, wokondedwa."

"Akuti nyanja yagona bwino," anatero Brunon ndi mawu aulesi. "Akuti tisachedwe."

Chogwirira cha chitseko chinatsika pang'onopang'ono. Chitseko chinakankhidwa, chinagunda mpiringidzo, chinaima. Kunja kunakhala ngati munthu wadabwa. Chinakankhidwanso, mofatsa, ndipo pansi pake panayamba kulowa madzi, kamzere kakuda kakukwawa pa matabwa kulunjika kubedi.

Brunon anaimirira. Danuta anamukumbatira m'chiuno, koma Brunon anamukoka ngati akukoka mwana. Apo Otylia anasolola mpeni wake wotumbulira nsomba, womwe anali atauika kale kunsonga m'moto.

"Mkhalire pamsana, mtsikana iwe! Ugwire dzanja, usalisiye ngakhale akulume!"

Anagwa onse atatu pansi, m'madzi ozizira aja. Mtsikana wa m'tauni uja, tinene zoona, anagwira. Otylia anapanikiza mkono ndi bondo, napeza phazi la khwangwala, ndipo ndi dzanja lomwe linatumbula mikunga yosawerengeka osaphonya, anadula kamzere kamodzi kopingasa mwendo wa khwangwalayo. Khungu linanunkha. Brunon anakuwa, ndipo kukuwako kunali kwake, kwa mwana amene anamubereka.

Otylia anadzuka, nakaima pafupi ndi chitseko mwakuti mphumi unakhudza thabwa. Kuzizira kwa kuseri kunkamulowa m'mano.

"Klemens," anatero, osakweza mawu. "Yang'ana bwino. Chili ndi kamzere. Si chako, n'cha mwana wako. Iwe sunatengepo cha mwini chibadwire, usayambe lero."

Madzi ankadontha kuseriko kuchokera pa chinthu chachitali, dontho ndi dontho. Kenaka chogwirira chinakwera, kubwerera m'malo mwake. Mapazi anatembenuka. Koma sanalunjike kunyanja. Anazungulira nyumba, mofinya, moyamwa, mpaka pa zenera la chipinda cha Otylia, ndipo pamenepo anaima nthawi yaitali kwambiri asanapite.

Kutacha Brunon anapempha buledi ndi nsomba, nadya ngati wabwera kuulendo. Sankakumbuka kanthu, ndipo ankadandaula za mkono. Otylia anaumanga ndi nsalu yoyera, nalongedza mikunga yowamba m'pepala, nawaperekeza ku siteshoni. Danuta anamukumbatira osafuna kumusiya.

"Amayi, tiyeni limodzi. Malo alipo."

"Ine ku Łódź? Ndizikapuma utsi wa fakitale? Kwera, sitima ikusiya. Ndipo uphunzire kusoka mabatani."

Sitima itapita, Alojz anamuyandikira. "Ndadzera kuphanga kuja. Zonse zapita, kwangotsala konkire." Anagogoda nyanga yake koma sanaitsegule. "Mlamu, palibe china chatsala cha phazi la khwangwala? Ganizani bwino. Munthu uja sanapeze wopalasa naye."

"Palibe," anatero Otylia, dzanja lili m'thumba la epuloni.

Madzulo anasesa nyumba, nakolopa mchere wonse pa matabwa. Atatha anakhala patebulo, navula mphete yake yaukwati. Ankaganiza kuti ivuta, koma inangotsetsereka. Anaipendeketsa ku nyali. M'kati mwake munali zala zitatu ndi mwendo, zomwe Klemens anazikanda yekha ndi nsonga ya mbedza usiku woti mawa ukwati, akuseka kuti, "Ukadzakokoloka adzakubweza kwa ine." Mpeni unali pomwepo patebulo. Kamzere kamodzi kakanakwana, kapena kungoiponya mpheteyo m'Nyanja Yaing'ono. Koma bwato lija likanapitiriza kuzungulira ndi nkhafi imodzi, ndipo Brunon tsiku lina adzabweranso, mwina ndi ana, ndipo ana sauzidwa kuti asasambe m'manja.

Anabweza mphete pachala. Anavala juzi yake yaubweya ndi mpango wa ku tchalitchi. Anachotsa mpiringidzo, nauponya m'mbaula, nakhala pampando kuyang'ana nkhungu ikukwera pa zenera.

M'mawa mwake asodzi atakhuthula chipewa pagombe, kamtengo ka Klemens munalibe, chonsecho Alojz anakaponyamo ndi dzanja lake. Anasiya nsomba pomwepo n'kuthamangira kwa mlamu wake. Chitseko chinali chotsegula, mbaula ikadali yofunda. Kuyambira pa mpanda mpaka ku Nyanja Yaikulu mchenga unali ndi mapazi a anthu awiri, ena akuluakulu onyowa, ena aang'ono a nsapato za mkazi. Apolisi anabwera, anayeza, analemba zawo, n'kunena kuti mayiyo anasokonezeka mutu. Iwowo si a kuno. Ife tinawaona mapaziwo. Sanali a munthu wokokedwa, ndipo pofika kumadzi aang'onowo ndiwo anali patsogolo.

Brunon ali moyo mpaka lero, ndi chipsera chake. Misa anaichititsa ya anthu awiri. Koma kukagwa nkhungu, mphepo n'kuleka, asodzi a ku Kuźnica sakonda kutsalira pagombe, chifukwa kuseri kwa mafunde kumamveka nkhafi. Tsopano zimamveka ziwiri, zikugwa pamodzi, ndipo amene anayerekeza kumvetsera akuti ya kumanzere ndiyo imakoka mwamphamvu.